Kulondola uchi wathu pa intaneti: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Meyi, kumayambiriro

Komiti yandipatsa ntchito yolondola momwe uchi wa gulu lathu ukugulitsidwira pa intaneti, ndipo a tcheya apempha kuti zonse ndizilemba pamalo amodzi. Amene muli ndi mafoni muziwerenga nokha, ena tiziwawerengera pa msonkhano wa pamwezi.

Kwa amene simukutidziwa, ndife alimi a njuchi a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kuyambira cha ku Likhubula mpaka kulowera ku Muloza. Aliyense amafula ming'oma yake, koma uchiwo timausonkhanitsa pamodzi, kuuyeza, kuusefa, n'kuuthira m'mabotolo a 250g ndi 500g okhala ndi lebulo imodzi. Ifeyo sitigulitsa pa intaneti. Tili ndi nambala ya WhatsApp yokha, yomwe ili pa lebulopo. Amene amagulitsa kumeneko ndi anthu odzaoda makatoni kuno, kapena opikula kwa amalonda athu a ku Limbe, kenako aliyense n'kukatsatsa mmene akufunira.

Chautsa ntchitoyi ndi madandaulo. Munthu wagula botolo ku Area 25 kwa wogulitsa amene ife sitinamuonepo, koma akakhumudwa amayimba nambala ya pa lebulo. Palibe chomudzudzulira, poti dzina lili pa botololo ndi lathu.

Ndatsegula tebulo pa Google Sheets. Malonda aliwonse amene ndawapeza ndikulemba amene akugulitsa, malo, mtengo, mulingo umene walemba, mawu amene wanena za uchiwo, komanso ngati chithunzicho ndi cha botolo lathu lenileni. Nambala ya batchi, imene timadinda m'munsi mwa lebulo tsiku lothira, ndikuilembanso ikamaoneka. Zonse ndikujambula sikirini nthawi yomweyo chifukwa zoika pa status ya WhatsApp zimachoka pakatha maola 24, ndipo ena amasintha mtengo m'mawa ndi madzulo.

Ogulitsa amene ndawapeza mpaka pano ndi osiyanasiyana. Pali masitolo a pa intaneti a ku Blantyre ndi Lilongwe, amene amapititsa katundu kunyumba za anthu, ndipo makasitomala awo ambiri ndi Amalawi okhala kunja ogulira abale awo zakudya. Amenewa ndi osavuta kuwalondola, tsamba lawo limakhala pomwepo. Ochuluka ndi anthu wamba a pa Facebook ndi TikTok. Ovuta kwenikweni ndi a m'magulu a WhatsApp, poti sungaone kanthu ngati suli m'gulumo. Pa amenewa ndapempha achinyamata a mamembala athu amene ali m'tauni kuti azinditumizira chilichonse chokhala ndi lebulo yathu.

Meyi, kumapeto

Vuto loyamba kuonekera ndi la mulingo. Ogulitsa ambiri akulemba 500ml pa botolo lathu la 500g.

Ena angaone ngati n'zachabechabe, koma madandaulo angapo a chaka chatha anachokera pamenepa. Uchi ndi wolemera kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi 1.4kg. Choncho uchi wa 500g umangokwana 350ml, n'kupitirira pang'ono. Munthu akawerenga 500ml amayembekezera botolo lofanana ndi la madzi akumwa aja a theka la lita. Kukamufikira kabotolo kathu, amati tamubera. Mayi wina wa ku Zomba anachita kutitumizira chithunzi atathira uchi wonse m'kapu yoyezera makeke, mzere ukuonetsa 350, pansi pake atalemba kuti "chilungamo chili kuti?" Pa sikelo botololo linali lokwana ndendende. Koma iwo anagula potengera mawu a wogulitsa.

Ogulitsawo sakunama dala. Anazolowera mafuta ophikira ndi zakumwa, ndiye chilichonse chothirika kwa iwo ndi cha ma ml. Amene ndawalembera ambiri asintha tsiku lomwelo. Sitolo imodzi ya ku Lilongwe yayankha kuti makina awo amaika uchi m'gulu la zakumwa ndipo mulingo umadzilemba wokha, koma alonjeza kuusamutsira ku gulu la jamu ndi chiponde.

Juni

Mwezi uno ndayang'ana kwambiri mitengo, poti ndi imene komiti imafuna kumva.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Botolo limodzimodzi la 500g, wokwera mtengo kwambiri akugulitsa pafupifupi kawiri mtengo wa wotchipa kwambiri. Nditawerenga zimenezi pa msonkhano, anthu anakwiya. Abambo ena a ku Likhubula anaimirira n'kunena kuti, "A tcheya, ife njuchi zimatiluma kuno, wina ali pa mpando ku Lilongwe n'kumapeza pa botolo limodzi zoposa zimene ine ndimapeza. Tiwauze mtengo umodzi, wokana asamaodenso."

Mkwiyowo ndikuumvetsa, koma sindinagwirizane nawo, ndipo ndinanena pomwepo. Choyamba, malamulo a mpikisano pa malonda m'dziko muno, amene Competition and Fair Trading Commission imayang'anira ndipo anakonzedwanso mu 2024, salola wopanga katundu kukakamiza ogulitsa mtengo wogulitsira. Tikhoza kunena mtengo umene tikuona kuti ndi woyenera, koma munthu akagula katoni ndi ndalama zake, katoniyo ndi yake. Chachiwiri, nditaunika bwino, okwera mtengo ambiri ali ndi zifukwa zooneka. Katoni yochoka pa Chitakale imalipiridwa pa minibasi mpaka ku Limbe, imalipiridwanso pa basi ya ku Lilongwe, ndiye pali wa njinga yamoto wokasiya pakhomo pa kasitomala, pali ndalama imene imadulidwa potapa za pa Airtel Money kapena Mpamba. Mafuta akasowa, zonsezi zimakwera limodzi. Wa ku Mzuzu sangagulitse mtengo wa ku Luchenza.

Palinso nkhani ya katundu wakale. Chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mabotolo, zivindikiro ndi malebulo sunakhazikike, ndipo ife takhala tikukweza mtengo wooda. Uchi suwonongeka msanga, ndiye amene anaoda kale akugulitsabe motchipa, pamene amene waoda posachedwa akuoneka ngati wakuba. Nambala ya batchi yandithandiza pamenepa: otchipa ambiri ali ndi mabotolo a chaka chatha.

Chimene ndikuona kuti tingalimbikire ndi kuonetsa mtengo poyera. Ambiri a pa Facebook amangolemba kuti "mtengo ku inbox", ndipo ndikafunsa pa manambala awiri osiyana ndimapatsidwa mitengo iwiri, kutengera momwe wofunsayo akuonekera pa chithunzi chake. Bungwe lija la Competition and Fair Trading Commission lakhala likukumbutsa amalonda kuti mitengo iziikidwa poonekera. Komiti yagwirizana kuti tiziika mtengo wathu wolangiza pa WhatsApp yathu, wa ku Blantyre ndi wa ku Lilongwe, kuti wogula akhale ndi poyerekezera.

Pali wogulitsa mmodzi yekha amene mtengo wake sukumveka. Ali ku Blantyre, ndipo akugulitsa motsika kuposa mmene ife timagulitsira kwa ooda, ngakhale pa mtengo wa chaka chatha. M'zithunzi zake nambala ya batchi siioneka, chala chimakhala chitaphimba. Ndamulemba padera.

Julayi, pakati pa chiperoni

Kwazizira, ndipo uchi wayamba kuundana m'mabotolo monga umachitira chaka chilichonse. Foni ya gulu ikungolira.

Uchi weniweni umaundana. Shuga wake wamtundu wa glucose amalekana ndi madzi n'kupanga timibulu, ndipo zimachitika msanga kukamazizira madigiri 14 kapena cha pamenepo, komwe ndi kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julayi. Wina umaundana msanga, wina mochedwa, kutengera maluwa amene njuchi zinapitako. Ukauviika botolo lonse m'madzi ofunda, oti dzanja likhoza kupirira, umasungunuka osasintha kukoma. Mlimi aliyense wa njuchi amadziwa zimenezi. Koma m'tauni munafala chikhulupiriro choti uchi woundana ndi wothira shuga.

Chimene chandipweteka n'choti ogulitsa athu omwe ndi amene akukolezera chikhulupirirochi. Ndapeza malonda angapo olembedwa kuti "uchi weniweni wa ku Mulanje, suundana, wopanda shuga". Akuganiza kuti akutikometsera. Koma botolo lija likaundana mu kabati ya kasitomala, mawu omwewo ndi amene amatiweruza: iwo anati weniweni suundana, wanga waundana, ndiye ndi wabodza. Mmodzi wafika poika kanema akuthira uchi m'kapu ya madzi ndi kuviika machesi, n'kumati ndiko kuyeza kwake. Mayeso amenewo satsimikizira kanthu. Chimene ife timayeza pothira ndi madzi a mu uchi, pogwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa refractometer, ndipo muyezo wa mayiko onse umati madziwo asapitirire 20 peresenti. Akapitirira, uchi umasasa n'kuchita thovu. Zimenezi zimachitika munthu akafula zisa zimene njuchi sizinamate ndi phula, ndipo uchi wotero ife timaubweza pakhomo pomwe. Chimenecho ndiye choyenera kuuza wogula.

Sitolo ina ya ku Blantyre yachita zosiyana. Yatsitsa mtengo wa mabotolo oundana n'kulemba kuti ndi "otsala, ogulitsa motchipa". Apa wogula akuphunzitsidwa kuti uchi woundana ndi wowonongeka. Ndalankhula ndi amene amayang'anira tsamba lawo, mtsikana waulemu kwambiri, ndipo anati, "Achimwene, makasitomala amabweza, ndiye titani?" Ndamutumizira mawu afupiafupi oti aike pansi pa chithunzi, ofotokoza chifukwa chake ndi kasungunulidwe kake. Wawaika. Mtengo sanaubwezere, ndipo pa zimenezo ndilibe mawu.

Ndapempha komiti kuti malebulo otsatira akhale ndi chiganizo chimenechi m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mayi msungichuma akuti malebulo amene alipo athe kaye.

Julayi, kumapeto

Mwezi uno wa Julayi 2025, phiri la Mulanje lalembedwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ndi malo achitatu m'Malawi muno, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni mu 2006. Tonse tasangalala. Koma pasanathe masiku, ogulitsa awiri ayamba kulemba kuti uchi wathu ndi "wovomerezeka ndi UNESCO", mmodzi mpaka waika chizindikiro cha bungwelo pa chithunzi cha botolo. Chimene chalembedwa ndi phiri ndi chikhalidwe cha anthu ake, osati uchi. Ndawapempha achotse, ndipo ndawauza kuti kunena kuti uchiwo ndi wochokera m'tsinde mwa phirili n'zoona ndipo n'zokwanira.

Pofufuza zimenezi ndakumananso ndi bodza lina limene lakhalitsa osalidziwa. Tsamba lina lolunjika kwa alendo ndi azungu okhala m'dziko muno likuti uchi wathu ndi "wa maluwa a mkungudza". Mkungudza ulibe maluwa otulutsa timadzi ta njuchi. Ndi mtengo wa m'banja la mitengo yobala tizibalobalo touma, mungu wake umayenda ndi mphepo, ndipo umamera pamwamba pa phiri, kutali ndi ming'oma yathu. Njuchi zathu zimapita ku bulugamu, ku mitengo ya m'nkhalango za m'munsi, ku mango, mapeyala ndi maluwa a m'minda. Komanso mkungudza, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozemba, ndipo anthu akuvutika kuubzalanso. Sindikufuna dzina lathu lizimveka ngati tikudyera pa mtengo umenewu. Atsambalo sanayankhebe.

Ogasiti

Mwezi uno wandilemera kuposa yonse, ndipo ndilemba motalikirapo.

Mwana wa membala wathu amene ali ku Ndirande wanditumizira zithunzi zochokera m'gulu lina la WhatsApp. Botolo ndi lathu, lebulo ikuoneka bwinobwino, nambala yathu ikuwerengeka. Pansi pake palembedwa kuti uchiwu "umachiza matenda a shuga, BP, zilonda za m'mimba ndi mphumu", ndipo odwala shuga azimwa masupuni atatu m'mawa asanadye kanthu. Nditasaka mawu omwewo pa Facebook ndapeza kuti akopedwa ndi ogulitsa ena angapo, liwu ndi liwu, ngakhale zolakwika za kalembedwe n'zofanana. Wina waika botolo lathu pambali pa mizu ya gondolosi n'kumati ndi mankhwala a mphamvu za abambo. Wina, ndipo uyu ndiye wandiopsa kwambiri, akulangiza amayi kuti azipaka uchi m'kamwa mwa khanda likamatsokomola kapena likamamera mano.

Uchi, magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse ndi shuga. Munthu wodwala shuga akamamwa masupuni atatu m'mawa uliwonse, n'kuyamba kunyalanyaza mankhwala a kuchipatala poganiza kuti wapeza machiritso, moyo wake uli pangozi. Ndipo azaumoyo amaletsa kupatsa uchi mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa mu uchi ngakhale waukhondo chotani mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda a botulism, timene m'mimba mwa khanda simungalimbane nato. Chenjezo limeneli lili pa lebulo yathu, m'zilembo zazing'ono kumbuyo. Chithunzi cha pa intaneti chimaonetsa kutsogolo kokha.

Ndinaimbira mayi amene anayambitsa mawuwo. Ndi kasitomala wathu wakalekale, amaoda makatoni awiri kapena atatu nthawi imodzi ndipo salephera kulipira. Ndinayamba ndi kuwathokoza, kenako ndinafotokoza. Anandiyankha kuti, "Mwanawe, ine mayi anga ankamwa uchi ndipo anafika zaka zambiri. Anthu akamva kuti ndi mankhwala ndi pamene amagula. Ndikangolemba kuti uchi basi, agula ndani pa mtengo umenewu?" Ndinati, "Amayi, akadwalika munthu, apolisi ndi a MBS, oyang'anira miyezo ya katundu aja, akabwera kwa ife, poti dzina lili pa botolo ndi lathu. Koma ngakhale asabwere, mwana wa munthu akapweteka chifukwa cha mawu amenewa, inu ndi ife tidzagona tulo?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati awachotsa a shuga aja, koma a chifuwa asiya. Pa chifuwa sindinalimbane nawo kwambiri, poti uchi umafewetsadi pakhosi kwa akuluakulu ndi ana osinkhuka. Ndinangowapempha kuti asalembe kuti umachiza.

Pano ndi pamene ndikuona kusiyana kwa nkhani ya mitengo ndi nkhani ya mawu. Pa mtengo tilibe mphamvu ndipo sitikufunika kukhala nayo. Wogula akaona kuti wakwera amapita kwina, tsiku lomwelo nkhani yatha. Koma mawu onama akaphatikizidwa ndi chithunzi cha botolo lathu amayenda okha kuchoka m'gulu kupita m'gulu, sabweza, ndipo wowalandira sadziwa kuti sanachokere kwa ife. Pa zimenezi tili ndi ufulu wonse wolankhula, ndipo tili ndi ufulu wokana kugulitsa kwa munthu amene akunamizira katundu wathu.

Komiti itamva, panalibe mtsutso ngati wa mu Juni. Agogo ena aakazi amene ali ndi ming'oma yambiri kuposa tonse anati, "Ana inu, uchi ndi chakudya. Sing'anga ali ndi ntchito yake, adokotala ali ndi yawo. Ife tisalowerere." Tagwirizana kuti aliyense wodzaoda azipatsidwa kapepala konena zimene sayenera kulemba, ndipo wobwereza atachenjezedwa sitimugulitsanso.

Kanthu kena ka mwezi womwewu. Tsamba lina likuti gawo la ndalama za botolo lililonse limapita kwa anthu amene anakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy. Ife sitinalandirepo ndalama yotero ndipo palibe mgwirizano umene tinapanga. M'gulu mwathu muli anthu amene anataya abale, nyumba ndi ming'oma mu Malichi 2023, miyala ndi matope zitatsika m'phiri. Kugulitsira malonda pa maliro awo popanda kuwauza n'kosaloleka. A tcheya alemba kalata okha, ndipo mawuwo achotsedwa.

Seputembala, sabata yachiwiri

Za wogulitsa wotchipa uja wa ku Blantyre. Tinatuma munthu kukagula mabotolo awiri ngati kasitomala wamba, n'kutitumizira pa minibasi.

Botolo ndi lathu. Lebulo ndi yathu, koma m'mphepete mwake yatukusira ngati inanyowapo n'kuumanso, ndipo nambala ya batchi yafufutika theka. Kapulasitiki kamene timamata pa chivindikiro palibe. Titatsegula, fungo lake ndi la shuga wopserera, la utsi wa pamoto, ndipo ukaupendeketsa umayenda mofulumira kuposa wathu. Pa refractometer madzi apitirira muyezo. Zina zimene zili m'menemo sitingazidziwe ndi zida zathu, zimafuna labotale. Koma zoti munthuyu akutola mabotolo athu otha, kuwatsuka n'kuthiramo zake, n'zosakayikitsa.

Tasunga botolo limodzi losatsegula pamodzi ndi zithunzi za malonda ake ndi uthenga wa malipiro, ndipo alembi akonza kalata yopita ku Malawi Bureau of Standards ndi ku Competition and Fair Trading Commission. Ena amafuna timuyalutse pa Facebook ndi dzina lake. Ndawapempha adikire. Tikayamba kukangana poyera, chimene anthu adzakumbukire n'choti uchi wa lebulo yathu uli ndi wabodza, ndipo adzasiya kugula wonse.

Chimene tachita m'malo mwake ndi kujambula chivindikiro chomata bwino n'kuika pa WhatsApp yathu ndi mawu oti botolo lopanda kapulasitikiko asalandire. Nkhaniyi yatikumbutsanso kuti dzina ndi chizindikiro chathu sitinazilembetse ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda. Popanda kulembetsa, kudandaula kuti wina akugwiritsa ntchito chizindikiro chathu kumakhala kopanda mphamvu, ngakhale pa mafomu odandaulira a masamba a mchezo amene amafunsa umboni wa umwini. Mayi msungichuma avomera kuti ndalama yake ichoke pa zogulitsa za nyengo ikubwerayi.

Seputembala, kumapeto

Nditabwerera m'tebulo kuwerenga zonse kuyambira Meyi, ndaona kuti zolakwika zambiri zimachokera pa chinthu chimodzi: ogulitsa analibe chithunzi chabwino kapena mawu ochokera kwa ife, ndiye ankadzipangira. Ena ankajambula botolo pa bedi kapena pa mpando wa galimoto usiku, uchi n'kumaoneka wakuda ngati oyilo. Ena ankatenga pa intaneti zithunzi za uchi wa kunja, wonyezimira, ukuyenderera pa kamtengo kozungulira kaja, ndipo Google Lens, yofufuzira zithunzi pa intaneti, imaonetsa kuti chithunzi chomwecho chili pa masamba a mayiko ena ambirimbiri. Wogula amayembekezera uchi wowala ngati wa pachithunzi, n'kulandira wathu wofiirira.

Tajambula zithunzi zathu. Tinaika mabotolo pa thebulo panja m'mawa, phiri likuoneka kumbuyo ndi minda ya tiyi m'munsi mwake, ndipo tinajambula kutsogolo, kumbuyo kumene kuli chenjezo, chivindikiro chomata, komanso botolo loundana pambali pa losungunuka. Talemba ndime imodzi yaifupi m'Chichewa ndi m'Chingerezi yonena komwe uchi ukuchokera, kulemera kwake, za kuundana, ndi za makanda. Zonsezi tazitumiza kwa aliyense amene ali m'tebulo.

Kalandiridwe kake kandidabwitsa. Anthu amene ndinkaopa kuti akwiya ndi amene athokoza, poti tawapeputsira ntchito. Ambiri akungokopa ndime yathu momwe ilili. Masitolo a pa intaneti aja asintha onse kupatula limodzi. Kwa a WhatsApp n'kovuta kudziwa, koma zithunzi zimene achinyamata akunditumizira tsopano zambiri ndi zathu zomwe.

Okutobala

Kwatentha, mitengo yachita maluwa, ndipo alimi akukonzekera kufula. Mabotolo atsopano ayamba kutuluka posachedwa, choncho pali zinthu zoti zithe zisanafike pamenepo.

Malebulo atsopano apita kosindikiza. Kulemera kwalembedwa m'zilembo zikuluzikulu, chenjezo la makanda lasamukira kutsogolo kuti lizioneka pa chithunzi chilichonse, ndipo nambala ya batchi yakwera pamwamba pomwe chala sichiphimba munthu akagwira botolo. Bukhu la ooda tsopano likulembedwa batchi imene aliyense watenga, kuti botolo likaoneka pa intaneti tizidziwa linadutsa kwa ndani.

Nkhani yatsopano ndi ya ku Johannesburg. Wina akutsatsa uchi wathu m'gulu la Amalawi okhala kumeneko, mtengo wake mu marandi, ndipo akudzitcha kuti ndi wotiimira ku South Africa. Tilibe wotiimira kunja kulikonse, ndiponso dziko limenelo lili ndi malamulo ake okhwima pa uchi wolowa kuchokera kunja. Zikuoneka kuti mabotolowo amapita m'zikwama pa basi. Ndamulembera kuti achotse mawu oti ndi wotiimira, ndipo nkhani yonse ndaipereka kwa a tcheya kuti ikambidwe pa msonkhano wa mwezi uno.

Atsamba la "maluwa a mkungudza" aja sanasinthebe, ngakhale ndawalemberanso. Ndapeza kuti amaoda kudzera kwa mmodzi wa amalonda athu a ku Limbe, ndiye ndamupempha iyeyo kuti akawafikire pamaso. Wa mabotolo othiridwanso uja wasiya kuika zithunzi za lebulo yathu, koma achinyamata a ku Ndirande akuyang'anabe ngati watsegula tsamba lina.

Ntchito yoyang'ana sabata ndi sabata ikufuna anthu awiri, makamaka nyengo ya malonda ambiri ya Disembala. Komiti yavomera kugula bando ya mwezi ya munthu wachiwiri, ndipo mtsikana wina wa ku Muloza amene anamaliza Fomu 4 wadzipereka. Loweruka likubwerali ndimuonetsa kalembedwe ka tebulo, ndipo iye atenga Facebook ndi TikTok, ine nditsala ndi masitolo ndi magulu a WhatsApp.